Nsalu Yoyera ya Ambuya

Mudzi wa kuseri kwa phiri

Dera la Marávia lili m'cigawo ca Tete. Ndi dera la mapiri, miyala ndi mitengo yambiri. Likulu lake ndi Fingoè. Kumpoto kuli malire a dziko la Zambia. Kumwera kuli nyanja ya Cahora Bassa, imene inapangika pamene anthu anatseka mtsinje wa Zambezi ndi khoma lalikulu.

M'dera limeneli muli mudzi wina waung'ono kuseri kwa phiri. M'mudzimo mumakhala mwana wamkazi wa zaka 6. Iye ali m'kalasi yoyamba. Akuphunzira a, e, i, o, u. Akuphunziranso kulemba dzina lake.

Mwanayo amagona m'nyumba ya ambuya ake, amene anabala amayi ake. Ambuya amadziwa nthano zambiri. Amadziwa ya kalulu, ya fisi ndi ya kamba. Koma panali nkhani imodzi imene ambuya sankafuna kukamba. Inali nkhani ya nkhondo.

Kumutu kwa mphasa ya ambuya kuli bokosi lacitsulo. Tsiku lina mdzukulu anaona ambuya atalitsegula. M'katimo munali nsalu yoyera, yaikulu, yopindidwa bwino.

"Ambuya, nsalu iyi ndi ya ciyani?"

"Ndi zakale, mdzukulu wanga. Pita ukasewere."

Ambuya anatseka bokosi. Mdzukulu anapita kukasewera, koma nsalu ija sanaiiwale.

Amalume abwera

Inali nthawi ya cilimwe. Cimanga cinali m'nkhokwe. Madzulo ena kunamveka njinga yamoto ikukwera citunda. Ana onse anathamangira kumsewu.

"Amalume! Amalume abwera!"

Amalume amagwira nchito mumzinda wa Tete. Anatsika ali mbuu ndi fumbi. Anapatsa moni ambuya, anamwa madzi, kenako anamasula cikwama cawo. M'cikwamamo munali shuga, sopo ndi mcere. Munalinso kabokosi kakuda kokhala ndi diso limodzi lagalasi.

"Amalume, kodi ndi wailesi?"

"Iyayi, mphwanga. Awa ndi makina oonetsera kanema. Ndabwereka kwa anzanga amene amakonda makanema. Ndabwera ndi batire ndiponso sola yolidzazira. Ndikufuna kuti mudzi wonse uone kanema mmodzi."

Mdzukulu ankadziwa kanema pang'ono. Pamsika pali kanyumba ka bango. Anyamata amalipira ndalama, nkulowa. Kunja kumamveka mfuti, kukuwa ndi zibakera. Tsiku lina mdzukulu anasuzumira pa kabowo. Anaona anthu a kutali akumenyana. Sanamve mawu awo ngakhale amodzi.

"Amalume, kodi wanu ndi wa ndewu?"

"Iyayi. Wanga ndi wa anthu onga ife. Ndi wa anthu a kuno ku Tete."

Mdzukulu anadabwa. Iye ankayesa kuti m'kanema mumalowa anthu a kutali okhaokha.

Kanema amayenda bwanji?

M'mawa amalume anayanika sola padzuwa. Ana anawazungulira. Amalume anakhala pa mtondo wogubuduza, nayamba kufotokoza.

Kanema ndi zithunzi zambiri zotsatana. Cithunzi cimodzi siciyenda. Koma zithunzi 24 zikadutsa pa sekondi imodzi, diso limaona ngati munthu akuyenda. Kale zithunzizo zinkakhala pa lamba wautali wopyapyala, wokulungidwa ngati nkhata. Nyali yamphamvu inkawala kupyola pa lambayo. Kuwalako kunkagwera pa khoma loyera kapena pa nsalu yoyera. Lero zithunzi zimasungidwa m'foni kapena m'kompyuta. Koma zinthu ziwiri sizinasinthe. Kanema wa pabwalo amafuna mdima, ndipo amafuna coyera coti agwerepo.

Makanema sali a mtundu umodzi. Ena amapangidwa ndi makampani aakulu, a ndalama zambiri. Awo ndiwo amadzaza tinyumba ta pamsika.

Ena amapangidwa ndi anthu ocepa, a ndalama zocepa, opanda bwana wowauza zocita. Awa ndi makanema a anthu odziyimira paokha.

Ena amapangidwa ndi anthu ofuna kuyesa njira zatsopano zojambulira. Awa ndi makanema oyesera.

Enanso amapangidwa kapena kuonetsedwa mobisa, cifukwa olamula sawafuna. Awa ndi makanema a mseri.

Makanema a mitundu itatu yomalizayi sapezeka pamsika. Kuti anthu awaone, pamafunika munthu wowanyamula. Pamafunika munthu woitana anzake, womanga nsalu, woyatsa makina. Amalume anafuna kukhala munthu ameneyo kwa usiku umodzi.

Galimoto imene ambuya anaona

Ambuya anali pafupi, akusenda nyemba. Ankaoneka ngati sakumva, koma ankamva zonse.

"Iwe ukuyesa wayamba ndiwe?" anatero ambuya. "Ine ndinaona kanema iwe usanabadwe."

Ana anatembenuka onse.

"Ndinali kamtsikana, wamkulu pang'ono kuposa uyu. Kunabwera galimoto yaikulu. Anamanga nsalu pa mitengo iwiri. Analiza injini yopanga magetsi. Anthu anabwera ndi mipando, ena ndi mphasa. Nsalu itawala, tinaona sitima ikubwera. Ana tinathawa, kuyesa itiponda! Mnzanga wina anapita kuseri kwa nsalu kukafuna anthu aja. Anapezako mbuzi yokha."

Ana anaseka mpaka kugwa pansi.

Magalimoto otere analikodi. Dziko la Moçambique linalandira ufulu pa 25 Junho 1975. Posakhalitsa boma linatsegula nyumba yopanga makanema ku Maputo. Dzina lake linali Instituto Nacional de Cinema. Nthawi imeneyo anthu ambiri sankadziwa kuwerenga, ndipo wailesi yakanema kunalibe. Cotero boma linkatumiza makanema m'mizinda ndi m'midzi, ena pa magalimoto.

Kanema wodziwika kwambiri wa nyumba ija anali Kuxa Kanema. Anayamba mu 1978. Kuyambira mu 1981 ankatuluka mlungu uliwonse. Anali wa mphindi pafupifupi 10. Zithunzi zake zinali zakuda ndi zoyera. Ankaonetsa nkhani za dziko: minda, masukulu, mafakitale, ndi Pulezidenti Samora Machel akuyankhula kwa anthu. Anali kanema wa boma, ndipo ankaonetsa zimene boma linkafuna kuti anthu aone. Komabe kwa anthu ambiri, kanali koyamba kuona anthu akuda a dziko lawo ali pa nsalu, akulima, akuphunzira, akuyankhula.

Dzina lakuti Kuxa Kanema limatanthauza kubadwa kwa kanema. Lemba la x limamveka ngati sh. Mawu akuti kuxa ndi a kumwera kwa dziko, koma ali pacibale ndi mawu a Cinyanja akuti kuca. Kunja kukaca, mdima umathawa, anthu amaonana nkhope.

"Nanga galimoto ija inapita kuti, ambuya?"

Ambuya anayang'ana m'lichero.

"Nkhondo inatseka misewu," anatero. Sanawonjezerepo mawu.

Nkhondo imeneyo inatenga zaka 16. Magalimoto a kanema analeka kuyenda m'midzi. Mu 1991 moto unabuka m'nyumba ija ya ku Maputo, nuwononga zinthu zambiri. Kuxa Kanema sanabwererenso.

Kwa amfumu

Munthu saitana mudzi wonse amfumu asanamve. Masana amalume anapita kubwalo. Mdzukulu anawatsatira, atanyamula kampando. Amalume anagwada, nawomba m'manja.

"Zikomo, amfumu. Ndabwera kudzapempha bwalo. Ndili ndi kanema."

"Kanema wotani, mwana wanga? Ngati ndi wa ndewu, pita naye kumsika. Kuno ndewu tinaiona ndi maso."

"Si wa ndewu, amfumu. Ndi wa banja lina la ku Tete limene linathawa nkhondo, nkubwerera kwawo."

Amfumu anakhala cete kanthawi.

"Wapanga ndani? Boma?"

"Iyayi, amfumu. Anapanga ndi anthu ocepa okha. M'dziko lino anthu otere anayamba kale."

Ndipo amalume anafotokoza zimene anamva kwa anzawo a mumzinda.

Nthawi ya atsamunda a Cipwitikizi kunali anthu a lumo. Nchito yawo inali kuona kanema aliyense asanatuluke. Akapeza cosawakomera, ankadula. Mu 1965 Faria de Almeida, wobadwira mumzinda umene lero ndi Maputo, anapanga kanema dzina lake Catembe. Anaonetsamo mmene azungu ndi anthu akuda ankakhalira mosiyana. Anthu a lumo anamudula malo 103. Atamaliza kudula, analetsabe kumuonetsa. Mu 1972 Lopes Barbosa anapanga kanema woonetsa kuzunzika kwa anthu akuda m'minda ya atsamunda. Nayenso analetsedwa.

Pa nkhondo yomenyera ufulu, alendo ena analowa m'thengo ndi makamera awo. Anayenda pansi pamodzi ndi asilikali a Frelimo m'cigawo ca Niassa. Mayi wina wa ku Britain, Margaret Dickinson, anatulutsa kanema dzina lake Behind the Lines mu 1971. Robert Van Lierop wa ku America anajambula wina dzina lake A Luta Continua. M'mizinda ya atsamunda makanema awa sakanaonetsedwa. Kunja kwa dziko anthu ankawaonera m'masukulu, m'nyumba zopempherera ndi m'timisonkhano. Umo ndi mmene anthu ambiri a kutali anadziwira za Moçambique.

Ufulu utabwera, kunabwera oyesa njira zatsopano. Ruy Guerra, mwana wa dziko lino amene ankagwira nchito ku Brazil, anapita ku Mueda, m'cigawo ca Cabo Delgado. Kumeneko atsamunda anapha anthu ambiri pa 16 Junho 1960. Anthu a ku Mueda ankacita sewero lokumbukira tsikulo. Ruy Guerra anajambula sewerolo, ndipo kanema anatuluka mu 1979. Osewera anali eni mudzi okha.

Mu 1978 kunabwera Jean Rouch wa ku France. Iye ndi anzake anaphunzitsa anthu kujambula ndi timakamera ting'onoting'ono pa Universidade Eduardo Mondlane. Ankafuna kuti cojambulidwa m'mawa cionetsedwe msanga kwa anthu omwewo amene ajambulidwa. Nthawi yomweyo kunabweranso Jean-Luc Godard ndi Anne-Marie Miéville. Iwo ankaganiza kuti anthu wamba apatsidwe kamera m'manja, kuti azijambula moyo wawo okha. Nchito yawo inathera panjira, koma ganizo lawo silinafe.

"Nanga wako uyu?" anafunsa amfumu.

"Uyu anapanga Licínio Azevedo mu 1994. Iye anabadwira ku Brazil, koma anakhazikika kuno. Nyumba ya boma ija itafooka, iye ndi anzake anatsegula kakampani kawo, Ebano Multimedia. Dzina la kanemayu m'Cipwitikizi ndi A Árvore dos Antepassados. M'cinenero cathu tinganene kuti Mtengo wa Makolo."

Amfumu anagwedeza mutu.

"Bwalo ndakupatsa. Koma anthu akafuna kuyankhula pambuyo pake, usawathamangitse."

Coyera cikusowa

Tsiku linafika. Mwezi unali usanatuluke, cotero usiku ukanakhala wa mdima wabwino. Batire linadzaza. Anyamata anasesa bwalo. Koma panali vuto limodzi. Coyera coti kanema agwerepo panalibe.

Khoma la sukulu linali lofiira ndi dothi. Amayi anabweretsa kapulana, koma inali ya maluwa. Nkhope za anthu zikanasokonezeka ndi maluwawo. Mnyamata wina anabweretsa matumba a ufa, koma anali ndi zilembo ndi zibowo.

Dzuwa linali kupendeka. Amalume anagwira m'ciuno, osadziwa cocita.

Mdzukulu anakumbukira bokosi lija. Anathamangira kunyumba. Anapeza ambuya atakhala pakhonde. Anagwada pafupi nawo.

"Ambuya, amalume asowa nsalu yoyera."

Ambuya sanayankhe.

"Ambuya, sitiidetsa. Ndiisamala ndine."

Ambuya anayang'ana mwanayo nthawi yaitali. Kenako anadzuka pang'onopang'ono. Analowa m'nyumba. Kunamveka kulira kwa civundikiro ca bokosi. Anatuluka atanyamula nsalu ija ndi manja awiri.

"Usambe m'manja coyamba," anatero.

Amalume ataona nsaluyo anaima cilili. Iwo ankaidziwa. Anafuna kuyankhula, koma ambuya anakweza dzanja.

"Manga, dzuwa likulowa."

Anaimanga ndi luzi pakati pa mitengo iwiri ya mango. Pansi anaikoka ndi miyala kuti mphepo isaigwedeze.

Usiku wa kanema

Anthu anabwera ambiri. Ana anakhala kutsogolo pa mcenga. Amayi anayala mphasa mbali imodzi. Abambo anakhala pa mipando mbali ina. Amfumu anakhala pakati. Mdzukulu anakhala pa miyendo ya ambuya.

Amalume anayatsa makina. Kuwala kunadutsa pamwamba pa mitu ya anthu. Tizilombo touluka tinayamba kuvina m'kuwalamo. Nsalu ya ambuya inawala ngati mwezi.

Poyamba ana anaseka. Ankaloza ndi zala.

"Onani mtolo uja! Ngati wa amayi!"

"Onani njira ija! Ngati ya kwathu!"

Kanemayu amakamba za banja limene linathawira ku Malawi pa nthawi ya nkhondo. Linakhala kumeneko zaka 10, m'malo a othawa kwawo. Mtendere utabwera, linamanga katundu, nkuyamba ulendo wautali wobwerera kumudzi kwawo ku Tete. Anthu a m'kanemayu si osewera. Ndi banja lenileni, pa ulendo weniweni. Pothawa paja analibe nthawi yotsanzika makolo awo amene anagona m'manda. Cotero pobwerera, mtima wawo unali pa mtengo wa makolo. Ankafuna kukafika pa tsinde lake, kuti akanene kuti abwera.

Pang'ono ndi pang'ono kuseka kunatha. Akuluakulu anakhala duu. Bambo wina wokalamba anavula cipewa. Mayi wina anaphimba nkhope ndi kapulana.

Mdzukulu anamva kadontho kofunda pa khosi pake. Anayang'ana kumwamba. Mitambo kunalibe. Anatembenuka. Anali misozi ya ambuya.

"Ambuya, tipite kunyumba?"

"Iyayi. Khala, uone. Uone bwino."

Kanema anatenga nthawi yosakwana ola limodzi. Atatha, nsalu inatsala yoyera. Palibe amene ananyamuka. Amalume anakumbukira mawu a amfumu, ndipo sanazimitse nyali msanga.

Bambo wokalamba uja ndiye anayamba.

"Awo anathawira ku Malawi. Ife tinathawira ku Zambia. Koma mtolo unali womwewo."

Wina anakamba za mtsinje umene anawoloka usiku. Wina anakamba za mbuzi zimene anasiya m'khola. Wina anakamba za tsiku lobwerera, pamene anapeza mitengo itamera pakati pa nyumba yake. Anyamata a kumsika aja anamvetsera kukamwa kuli yasa. Ena mwa iwo anali asanamvepo kuti makolo awo anabadwira kunja kwa dziko.

Kanema wa pamsika akatha, aliyense amatuluka nkupita kwawo. Uyu atatha, mudzi unayamba kuyankhula.

Nkhani ya nsalu

Usiku womwewo, atalowa m'nyumba, ambuya anayatsa nyali. Anakhazika mdzukulu pamphasa.

"Unandifunsa za nsalu. Lero ndikuuza.

"Mu 1987 anthu a mfuti anafika m'mudzi muno. Tinathawa usiku. Ine ndinali namwali. Amayi anga anali odwala. Tinayenda m'thengo masiku ambiri mpaka tinalowa m'Zambia. Kenako anatitengera ku Ukwimi, m'dera la Petauke. Kumeneko anatipatsa malo olima.

"Amayi sanacire. Anamwalira tisanakolole cimanga coyamba. Tinalibe kanthu. Tinawaika m'manda atakulungidwa mu mphasa yakale, opanda nsalu. Anagona m'dziko la eni, kutali ndi makolo awo.

"Nditakolola ndinagulitsa mtedza, nkugula nsalu iyi. Ndinati ndi ya amayi. Koma munthu ukamuika, wamuika. Nsalu inacedwa. Ndinabwera nayo kuno mu 1994. Ndinkacita manyazi kuiona, ndinkacitanso mantha kuitaya."

Zimene ambuya anaona, anaziona anthu ambiri. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Ena anathawira ku Zambia, ku Zimbabwe, ku Tanzania ndi ku South Africa. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, pakati pa boma ndi Renamo. Ndi cifukwa cake tsiku la 4 Outubro ana sapita kusukulu. Pambuyo pake anthu anayamba kubwerera kwawo, ena pa magalimoto, ena pansi.

"Ambuya, amayi anu dzina lawo anali ndani?"

Ambuya anamwetulira koyamba usiku umenewo.

"Dzina lawo ndi lomwe ukuphunzira kulemba kusukulu. Ndinakupatsa ndine tsiku limene mcombo wako unagwa."

Mdzukulu anachula dzina lake motsitsa. Linamveka lacilendo, ngati la munthu wamkulu.

Pa mtengo wa msolo

M'mawa kutaca ambuya anatapa ufa m'kambale. Anaitana amayi, amalume ndi mdzukulu. Anadutsa m'munda, nafika pa mtengo wa msolo umene uli m'mphepete mwa mudzi wakale. Pa mtengo wotere ndi pamene makolo ankathira nsembe.

Onse anagwada. Anawomba m'manja pang'onopang'ono. Ambuya anathira ufa pa tsinde. Anachula maina a makolo, mmodzi ndi mmodzi. Pomaliza anachula amayi awo.

"Amayi, munatsala kutali, koma kwanu ndi kuno. Nsalu yanu inafika. Dzulo mudzi wonse unaiona. Dzina lanu nali, lili ndi mwana uyu."

Pobwerera ambuya ankayenda mopepuka. Panjira anathyola masuku, napatsa mdzukulu.

Amalume anapinda nsalu, naibweretsa ndi manja awiri.

"Amayi, nayi nsalu yanu. Zikomo kwambiri."

"Ndiisunga," anatero ambuya. "Koma siikhalanso pansi pa bokosi. Ukabwera ndi kanema wina wa anthu athu, udzaipeza pamwamba."

Kanema wa mdzukulu

Tsiku lonyamuka amalume anatulutsa foni yawo. Anaiika m'manja mwa mdzukulu.

"Gwira ndi manja awiri. Usagwedeze. Dina apa. Tsopano funsa ambuya funso."

Mdzukulu analoza foni kwa ambuya. Anaganiza pang'ono.

"Ambuya, amayi anu ankakonda ndiwo zanji?"

Ambuya anaseka kwambiri.

"Nkhwani wotendera! Ankati wopanda nsinjiro si ndiwo."

Anakamba za nkhwani, za mtondo wa amayi awo, ndi za nyimbo imene ankaimba posinja. Mdzukulu anagwira foni mpaka manja anatopa. Cithunzi cinapendekeka pang'ono. Pakati pake tambala analira, ndipo mbuzi inadutsa. Madzulo banja lonse linaonera kanemayo katatu.

Kanema ameneyo alibe dzina. Sadzafika pamsika, ndipo palibe adzalipira kuti amuone. Wapangidwa ndi mwana wa zaka 6, ndi foni yobwereka. Koma muli nkhope ya ambuya, muli mawu awo, muli Cinyanja ca m'mudzi mwawo. Ndi zimene alendo aja a mu 1978 ankalakalaka: kamera ili m'manja mwa mwini nkhani.

Lolemba mdzukulu anapita kusukulu. Aphunzitsi anauza ana kuti alembe maina awo. Iye analemba lake pang'onopang'ono, lemba ndi lemba, osafufuta ngakhale kamodzi.

Mafunso

1. Kodi mudzi wa mdzukulu uli m'dera liti?
2. Kodi kanema wa pabwalo amafuna zinthu ziwiri ziti?
3. Cifukwa ciyani ambuya ankabisa nsalu yoyera?
4. Kodi anthu anacita ciyani kanema atatha?
5. Ombani m'manja pa phatikizo lililonse: ka-ne-ma, nsa-lu, mte-ngo, ku-ca.

Nchito ya kunyumba

Ana inu, funsani ambuya kapena wamkulu wina wa pakhomo panu: Kodi dzina langa linacokera kwa yani? Kodi munaona kanema koyamba muli kuti? Mawa mudzauze anzanu m'kalasi.

Pangani kanema wanu wa pepala. Tengani timapepala 10 tofanana. Pa ngodya ya kapepala koyamba jambulani dzuwa lili kuseri kwa phiri. Pa kaciwiri likwezeni pang'ono. Pa kacitatu likwezeninso. Citani cimodzimodzi mpaka ka 10. Sanjikizani timapepalato, gwirani mbali imodzi, ndipo tsegulani msanga ndi cala cacikulu. Mudzaona dzuwa likutuluka.

Inu makolo, mwana akakufunsani za kale, musamuuze kuti apite akasewere masiku onse. Muuzeni pang'ono, monga mwa msinkhu wake. Zotsala adzafunsanso akakula.